Kusamala Batire la Njinga ya Magetsi Kuti Likhalitse

Aliyense amene anakhalapo ndi foni zaka ziwiri kapena zitatu akudziwa mmene batire limakalambira. Foni ikakhala yatsopano mumatchaja madzulo, n'kuswera nayo tsiku lonse, mwinanso kufika nayo mawa lake. Pakatha chaka imayamba kutha moto dzuwa lisanalowe. Chaka chachitatu tchaja sichichokanso m'thumba, ndipo mafoni ena amafika potukuka kumbuyo chifukwa batire lafufuma.

Batire la njinga ya magetsi ndi la mtundu womwewo, kungoti ndi lalikulu ndiponso lodula kwambiri. Pa zipangizo zonse za njingayo, kawirikawiri palibe choposa batire mtengo. Tayala likaphulika mumamata, tcheni chikaduka mumalumikiza, koma batire likafa njinga imangotsala chitsulo cholemera, chowawa kupalasa kuposa njinga yakapalasa wamba.

Ambiri amaganiza kuti batire limatha chifukwa choyenda maulendo ambiri. Kuyenda kumalikalambitsadi, koma mabatire ochuluka amafera pakhomo: pa tchaja, padzuwa, ndi m'chipinda momwe aiwalika miyezi. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe taona zimene zili m'kati.

Zimene zili m'bokosi lija

Bokosi limene limamangiriridwa pa felemu kapena pansi pa kaliyala si batire limodzi ayi. M'katimo muli timabatire tambirimbiri tozungulira, tolumikizidwa ndi timizere ta chitsulo, ndipo kalikonse kamatchedwa selo. Maselo ofala kwambiri amalembedwa 18650. Nambalayi ikungonena kukula kwake: mamilimita 18 kunenepa, mamilimita 65 kutalika. Batire wamba la mavoti 36 limatha kukhala ndi maselo 40, oikidwa m'magulu khumi, gulu lililonse maselo anayi.

Selo iliyonse ili ndi mbali ziwiri zimene siziyenera kukhudzana. Mbali ina ndi ya graphite, mwala wakuda wofewa uja umakhala m'kati mwa pensulo. Mbali inayo ndi yosakaniza zitsulo monga nickel, manganese ndi cobalt. Pakati pali kapepala kapulasitiki kopyapyala zedi, kokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo zonsezi zanyowetsedwa ndi madzi a mankhwala amene sachedwa kuyaka akatentha. Chimene chimayenda pakati pa mbali ziwirizi ndi tizidutswa ta lithiamu, chitsulo chopepuka kuposa zitsulo zonse. Mukamatchaja, magetsi amakankhira lithiamu kumbali ya graphite. Mukamayenda, lithiamu amabwerera kumene anachokera, ndipo kubwerera kwakeko ndiko kumatulutsa magetsi oyendetsa mota.

Ndiye ngati lithiamu yemweyo amangopita ndi kubwera, batire limakalamba bwanji? Pa ulendo uliwonse, wina pang'ono amakanirira pamwamba pa graphite n'kupanga kankhungu kolimba, ndipo wokanirirayo sabwereranso. Tsiku ndi tsiku lithiamu woyenda amachepa, kankhungu kaja kamakula, magetsi amadutsa movutikira, batire n'kumafunda msanga. Palibe mankhwala kapena mmisiri amene angabwezere lithiamu wotayikayo. Chimene mwini njinga angachite ndi kuchedwetsa kutayikako basi.

Mabatire a mtundu uwu anayamba kugulitsidwa mu 1991 ndi kampani ya Sony ya ku Japan, ndipo mu 2019 akatswiri atatu amene anawatulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel. Ina mwa miyala yake imachokera kuno ku Africa. Cobalt woposa theka wa dziko lonse amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, lithiamu amakumbidwa ku Bikita ku Zimbabwe, graphite ku Balama ku Mozambique, ndipo graphite wambiri anapezekanso ku Kasiya m'boma la Lilongwe.

M'bokosi muja mulinso kabolodi kakang'ono kamawaya kotchedwa BMS, komwe ntchito yake ndi kulondera maselo. Kamadula magetsi maselo akadzadza, kamazimitsa njinga asanatheretu, ndipo kamayesetsa kuti magulu onse akhale ndi moto wofanana. Kabolodi aka kamateteza batire ku ngozi zadzidzidzi, koma sikangaliteteze ku chizolowezi choipa cha mwini wake.

Manambala a pa batire

Pa batire lililonse pamalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 36V ndi 10Ah. Yoyambayo ndi mavoti, mphamvu imene magetsi amakankhira. Yachiwiriyo ikunena kuchuluka kwa magetsi amene batire lingasunge. Mukachulukitsa ziwirizi mumapeza nambala yofunika kwambiri, ma Wh, omwe ndi mphamvu yonse imene ili m'batiremo: 36 kuchulukitsa ndi 10 ndi 360 Wh. Yuniti imodzi ya magetsi imene timagula ku ESCOM ndi 1,000 Wh, kutanthauza kuti kudzadza batire limeneli sikudya n'komwe theka la yuniti. Magetsi ake ndi otchipa. Chodula ndi batirelo.

Tiyerekeze kuti munthu wopalasa mothandizana ndi mota pamsewu wa tala akugwiritsa ntchito 10 Wh pa kilomita. Batire lathu lija limufikitsa makilomita 36. Akamangodalira mota osapalasa, kapena akanyamula munthu kumbuyo, kapena msewu ukakhala wamchenga, mtundawo ungatsike mpaka theka.

Opanga mabatire amawerenga moyo wa batire m'maulendo a kudzadza ndi kutha. Ulendo umodzi umakwana pamene mwagwiritsa ntchito moto wokwana batire lonse, kaya ndi tsiku limodzi kapena masiku angapo. Mukathera theka lero n'kutchaja, mawa theka linanso n'kutchaja, umenewo ndi ulendo umodzi, osati awiri. Choncho kutchaja pafupipafupi sikufupikitsa moyo wa batire monga ena amaopera. Mabatire abwino amakwanitsa maulendo 500 mpaka 1,000 asanafooke moonekeratu. Ngakhale titatenga 500 yokha, pa makilomita 36 ulendo uliwonse ndi makilomita 18,000. Wopita kuntchito ndi kubwera angathe zaka zambiri asanafikepo, pamene wakabaza wothera batire lonse tsiku lililonse afikapo zaka ziwiri zisanathe.

Koma pali kukalamba kwinanso kumene sikuwerenga maulendo. Batire limakalamba ngakhale lili chikhalire, ndipo liwiro la kukalambako limadalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwa moto umene lasiyidwa nawo, ndi kutentha kwa malo amene lili.

Kudzadza kwambiri ndi kutheratu

Akuluakulu ambiri anaphunzira kuti batire uzilisiya lithe kaye lonse usanatchaje. Langizo limeneli linali la mabatire akale a nickel ndi cadmium. Kwa batire la lithiamu ndi lowononga.

Selo ya lithiamu imavutika kwambiri kumapeto kuwiri, ikadzadziratu ndi ikatheratu. Ikadzadza imafika mavoti 4.2, ndipo pamenepo mankhwala a m'kati amakhala akudyana okhaokha mofulumira. Graphite nayenso amafufuma akamalandira lithiamu, pafupifupi 10 peresenti akadzadza, n'kuphwanso akamutulutsa. Taganizani za thumba la chimanga. Losokedwa litadzadza mpaka pakamwa n'kusiyidwa choncho miyezi, ulusi umayamba kumasuka m'misoko. Lothiridwa mosiyako mpata limakutumikirani zaka. Mayeso a akatswiri aonetsa kuti selo imene imalekezedwa pa mavoti 4.1 m'malo mwa 4.2 imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtunda, koma maulendo ake amatha kuwirikiza kawiri.

Kumapeto kwinako kuli ngozi yaikulu kuposa apa. Selo ikatsika kwambiri pansi pa mavoti 2.5, mkuwa wa m'kati umayamba kusungunukira m'madzi a mankhwala aja. Selo yotero mwina sidzukanso, ndipo kuikakamiza kutchaja kungayambitse moto.

N'chifukwa chake amalangiza kuti masiku wamba batire lizikhala pakati pa 20 ndi 80 peresenti. Njinga zina zili ndi poikira malire a kutchaja, koma zambiri zilibe, ndiye masamu ochepa amathandiza. Yang'anani pa tchaja chanu. Ngati palembedwa 2A ndipo batire ndi la 10Ah, ola lililonse likuwonjezera pafupifupi 20 peresenti. Kuchoka pa 30 kufika pa 80 ndi maola awiri ndi theka. Tcherani alamu pa foni, ikalira mukazule.

Tinene chilungamo apa: langizo la 80 peresenti ndi lophweka kwa munthu amene magetsi sathima kwawo ndiponso ulendo wake ndi waufupi. Kumene magetsi amachoka osatsanzika, munthu amatchaja pamene abwera, ndipo wakabaza sanganyamuke ndi batire losadzadza n'kukathera panjira ali ndi kasitomala. Iye asade nkhawa. Chimene chimawononga kwambiri si kufika pa 100 peresenti, koma kukhalitsa pamenepo. Batire lodzadza m'mamawa n'kuyamba ntchito nthawi yomweyo silivutika kwenikweni. Lovutika ndi lija ladzadza Lachisanu madzulo n'kukhala pa tchaja mpaka Lolemba, kapena la munthu amene amayenda makilomita asanu okha patsiku koma usiku uliwonse amalidzadza mpaka pakamwa. Ngati ulendo ndi wautali, dzadzani. Ngati ndi wa pamsika pompa, palibe chifukwa.

Kamodzi pamwezi ndi bwino kulisiya lidzadziretu mpaka nyali ya tchaja isinthe mtundu. Ma BMS ambiri amalinganiza magulu a maselo pokhapokha batire likayandikira kudzadza. Akapanda kupeza mpata umenewu, gulu lina limatsalira m'mbuyo, ndipo popeza njinga imazima gulu lofooka likatha, mumadzaona batire likuthera panjira pamene magulu enawo akadali ndi moto.

Kutentha

Pa adani onse a batire, kwathu kuno wamkulu ndi kutentha. Akatswiri a mankhwala amayerekeza kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kudyana kwa mankhwala kumafulumira pafupifupi kawiri. Batire limakhala bwino pa madigiri 10 mpaka 25. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kumeneko ndi kwa mumthunzi. Bokosi lakuda limene laswera padzuwa limatentha kuposa pamenepo.

Taonani mmene tsiku la njinga zambiri limayendera. Mwini wake wafika pantchito m'ma 7 koloko, waimika njinga pakhoma pomwe pali mthunzi. Pofika 11 koloko mthunzi uja wasuntha, dzuwa lalunjika pa batire, ndipo batirelo likadali pafupifupi lodzadza chifukwa langoyenda makilomita ochepa. Kudzadza ndi kutentha zakumana malo amodzi, ndipo zidzakumananso mawa ndi mkuja. Munthuyu adzadabwa kuti batire lake lafooka chaka chimodzi chokha pamene sayenda kutali. Chikanalipulumutsa n'chaching'ono: kuchotsa batire n'kulowa nalo m'kati, kapena kuyang'ana kumene mthunzi ukhale masana, osati kumene uli m'mawa.

M'nyumba namonso muli malo oipa. Chipinda cha malata chopanda siling'i chimatentha kwambiri masana, makamaka m'mwamba pafupi ndi denga. Pawindo pomwe dzuwa limalowera, pafupi ndi mbaula, ndi m'galimoto yotseka mawindo, monsemo simoyenera. Pansi pa simenti, m'chipinda chodutsa mphepo, ndiye pabwino.

Batire limadzipangiranso kutentha kwake likamagwira ntchito yolemera ndiponso likamatchajidwa. Mukangofika kuchokera ku ulendo wa mitunda, musalilumikize ku tchaja nthawi yomweyo. Likhudzeni ndi kuseri kwa dzanja. Ngati lafunda, lipumitseni theka la ola kapena ola lathunthu. Potchaja musaliphimbe ndi nsalu, ndipo tchaja nachonso chikhale poyera kuti chizipitidwa mphepo.

Kuzizira sikuvutitsa kwambiri m'madera athu. M'mawa wa Juni kapena Julayi ku Dedza mungaone mtunda utachepako, koma kukafunda mphamvu imabwerera. Choopsa ndi kutchaja batire limene lazizira kufika pa madigiri 0 kapena kutsikirapo, chifukwa lithiamu m'malo molowa mu graphite amaundana pamwamba pake, ndipo kuwonongeka kumeneko sikubwerera. Abale athu amene amagwira ntchito yoperekera zakudya panjinga ku Britain, kapena amene ali ku Johannesburg nyengo yachisanu, alilowetse batire m'nyumba lifunde kaye asanalitchaje.

Tchaja si tchaja chabe

Tinazolowera kubwerekana matchaja a foni, ndipo nthawi zambiri zimatheka. Ndi njinga musayerekeze. Batire la mavoti 36 limafuna tchaja chotulutsa mavoti 42, chifukwa magulu khumi aja, lililonse pa 4.2, amakwana 42. La mavoti 48 lili ndi magulu 13, ndipo tchaja chake chimatulutsa 54.6. Vuto n'lakuti mapulagi a matchaja awiriwa amatha kufanana ndendende. Kulowa kwa pulagi si umboni woti tchaja n'choyenera. Werengani manambala, ndipo chanu chikawonongeka gulani chofanana nacho kwa amene anakugulitsani njinga.

Matchaja othamanga amakopa, makamaka kwa amene njinga ndiyo imawadyetsa. Koma magetsi ambiri olowa nthawi yochepa amatenthetsa maselo. Ngati muli ndi ziwiri, chofatsacho chikhale cha masiku onse, chothamangacho cha tsiku la mavuto.

Ogwiritsa ntchito sola asalumikize panelo mwachindunji ku batire la njinga. Magetsi a panelo amakwera ndi kutsika motsatira mitambo, ndipo palibe chowaletsa batire likadzadza. Njira yabwino ndi kudutsira pa inveta n'kugwiritsa ntchito tchaja chenicheni cha njingayo. Pa jenereta, dikirani injini ikhazikike kaye musanalumikize. Magetsi akathima muli pakati potchaja, zulani pulagi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira imene imapsereza tchaja. Chimodzimodzinso kukamachita ziphaliwali.

Mayendetsedwe a pamsewu

Chilichonse chimene chimachepetsa magetsi otuluka m'batire chimathandiza pawiri: mumafika patali lero, ndipo batire limafunda pang'ono n'kuwerenga maulendo ochepa pachaka.

Mota imakoka magetsi ochuluka zedi ponyamuka njinga itaima. Kupalasa kawiri kapena katatu musanatsegule mphamvu kumachotsa katundu wamkulu pa batire, makamaka m'tauni momwe mumaima pafupipafupi. Pamtunda tsitsani giya, miyendo izizungulira mopepuka. Mota za pakati pa gudumu, zomwe ndi zofala pa njinga zotchipirako, sizikonda kukwera mtunda pang'onopang'ono zitalemedwa. Zimamwa magetsi ambiri, ochulukawo n'kungosanduka kutentha. Pa mtunda wautali ngati wochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, kupumira panjira mphindi zingapo si ulesi ayi.

Liwiro limadya moto kuposa mmene ambiri amaganizira. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphepo yolimbana nanu imawirikiza kanayi. Woyenda makilomita 20 pa ola amafika patali kwambiri kuposa woyenda 30 pa batire lomwelo. Kuthamanga sikufika.

Zotsalazo ndi zimene wopalasa aliyense amadziwa kale: matayala opopa mokwanira, tcheni chothira oyilo, mabuleki osakhula gudumu. Pa njinga yakapalasa, tayala lophwa mumalimva m'miyendo n'kuima kuti mupope. Pa ya magetsi simumva kanthu, chifukwa mota imalipira mwakachetechete. Muzifinya matayala m'mawa uliwonse, ndipo nthawi ndi nthawi muzinyamula gudumu n'kulizunguza kuti muone ngati likuyenda momasuka. Dziwaninso kuti njinga zambiri sizitchaja batire mukamapalasa kapena mukamatsetsereka. Zochepa zimene zimatero zimabweza moto wochepa kwambiri, wosayenera kuuwerengera pa ulendo.

Njinga ikakhala osayenda

Mabatire ambiri abwinobwino amafa nthawi imene mwini wake wadwala, wapita kumudzi kukalima, kapena njinga yaima kudikira chipangizo china. Batire losiyidwa lopanda moto limapitirira kutsika, chifukwa maselo amataya pang'ono okha ndiponso BMS imamwako ngakhale njinga itazimitsidwa. Pakatha miyezi ingapo limakhala latsika kupyola malire aja, ndipo tchaja chimalikana.

Ngati njinga ikhala mwezi kapena kuposerapo, siyani batire lili ndi moto wa pakati pa 30 ndi 60 peresenti. Lichotseni pa njinga, liikeni pouma ndi pozizira bwino, ndipo mwezi uliwonse kapena miyezi iwiri muziliyang'ana. Likatsika, onjezerani pang'ono. Mukachoka pakhomo nthawi yaitali, m'tumeni wina wodalirika azichita zimenezi.

Funsani kaye mtundu wa batire lanu

Zonse tanenazi ndi za mabatire a lithiamu wamba. Koma njinga ndi timasikuta tambiri totchipa tochokera ku China timayendera mabatire a mtovu ndi asidi, achibale a batire la galimoto, amene Gaston Planté wa ku France anatulukira mu 1859. Mungawadziwe ndi kulemera kwake, ndipo kawirikawiri amakhala timabokosi ta mavoti 12 tolumikizana, monga tinayi topanga 48. Lamulo lawo ndi losemphana ndi la lithiamu. Batire la mtovu limafuna kukhala lodzadza nthawi zonse. Likasiyidwa lopereweza, timiyala toyera timamera pa mapuleti ake n'kuuma, ndipo mphamvu imatayika. Litchajeni likangozizira mukafika, lisungeni lodzadza, ndipo yesetsani kuti lisamatsike kupyola theka. Tchaja chake musachiike pa batire la lithiamu.

Palinso lithiamu wa mtundu wina wolembedwa LFP kapena LiFePO4, wopanda cobalt, umene ukufala pa njinga zamoto za magetsi ndi mabatire a sola. Ndi wolemererako, koma umapirira kutentha, umatha kupyola maulendo 2,000, ndipo kudzadza mpaka 100 peresenti sikuuvutitsa kwambiri ngati winawo. Mavoti a maselo ake ndi osiyana, choncho nawonso uli ndi tchaja chakechake. Safunsa anadya phula: pogula njinga, funso loyamba likhale la mtundu wa batire.

Madzi, kugwa ndi moto

Mabatire ambiri amapirira mvula wamba, koma sapirira kumizidwa. Musawoloke mtsinje kapena chithaphwi chakuya batire lili pa njinga, ndipo potsuka lichotseni kaye, osalipopera madzi amphamvu. Timano tachitsulo tolumikizira batire ku njinga tizikhala touma, topanda fumbi ndi dzimbiri. Kansalu kouma n'kokwanira. Onetsetsaninso kuti batire lagwira zolimba pamalo pake, chifukwa kugwedezeka kwa misewu yathu yokumbikakumbika kumamasula zolumikizira za m'kati.

Batire limene lagwa kwambiri kapena kuphwanyika pangozi lisatengedwe mopepuka ngakhale likugwirabe ntchito. Kapepala kolekanitsa mbali ziwiri kaja kakang'ambika, selo imadzitenthetsa yokha, n'kuyatsa inzake, inzakeyo n'kuyatsanso ina. Moto wotere umabuka m'kanthawi kochepa, umatulutsa utsi wapoizoni, ndipo umatha kuyakanso utaoneka ngati wazima. Mu 2023 mumzinda wa New York anthu 18 anafa pa moto woyambitsidwa ndi mabatire a lithiamu, ndipo chaka chomwecho ozimitsa moto a ku London ankaitanidwa ku moto wa njinga kapena sikuta ya magetsi pafupifupi masiku awiri aliwonse. Yambiri mwa ngozi zoterezi imakhudza mabatire otchipa osayesedwa, okonzedwa mwachisawawa, kapena otchajidwa ndi tchaja cholakwika.

Zizindikiro zake ndi kufufuma, fungo lachilendo lokhala ngati lotsekemera, kulira kwa mpweya wotuluka, kudontha, kapena kutentha kosagwirika. Mukaona chimodzi mwa izi, lekani kuligwiritsa ntchito, liikeni panja pa dothi kutali ndi nyumba ndi udzu. Ngati layamba kale kufuka utsi, musaligwire. Tulutsani anthu onse. Ndipo ngakhale batire lili labwino, musalitchaje pamatiresi, pampando wa thonje, kapena pakhomo lotulukira. Nyumba zathu zambiri zili ndi khomo limodzi ndi mawindo a zitsulo, moti moto ukabuka pakhomopo banja lilibe kothawira. Kutchaja anthu ali maso n'kwabwino kuposa kutchaja onse atagona.

Batire likakalamba

Ngakhale mutalisamala chotani, tsiku lidzafika pamene batire loyenda makilomita 36 lizidzangokwanitsa 20. Silinafe, ndipo kwa woyenda pafupi lingatumikirebe nthawi ndithu. Muzilemba penapake mtunda umene limayenda likadzadza, miyezi itatu iliyonse. Kutsika kwapang'onopang'ono ndi ukalamba wamba. Kutsika kwadzidzidzi kumasonyeza kuti gulu lina la maselo kapena BMS yavuta, ndipo zimenezo nthawi zina zimakonzeka.

Alipo amisiri amene amatsegula bokosi n'kuikamo maselo atsopano. Ntchitoyi ndi yotheka, koma imafuna wodziwadi, wokhala ndi makina owotcherera timizere tija, ndiponso maselo atsopano a mtundu umodzi. Maselo otoleredwa m'malaputopu akufa, osakaniza akale ndi atsopano, ndi amene amadzayatsa nyumba. Pogula njinga ya kaunjika, ikani mtengo wa batire latsopano m'masamu anu, chifukwa bokosi lowala kunja silinena zaka za maselo a m'kati. Pemphani kuiyesa ulendo wautali ndithu, wokhala ndi mtunda, muone mmene moto ukutsikira.

M'mayiko ena a mu Africa vuto lonseli analichotsa m'manja mwa woyendetsa. Ku Kigali, ku Rwanda, kampani ya Ampersand imagulitsa njinga zamoto za magetsi koma mabatire amakhala a kampaniyo. Wakabaza akathera moto amapita pamalo osinthira, n'kusiya lakutha, n'kutenga lodzadza m'mphindi zochepa. Kampani ya Spiro imachitanso chimodzimodzi ku Benin, ku Togo ndi mayiko ena. Ine ndimaona kuti kwa anthu a kabaza njira imeneyi ndi yanzeru, chifukwa batire limatchajidwa ndi zida zoyenera, ndipo likakalamba woyendetsa safunika kupeza ndalama zambiri nthawi imodzi. Kumene njirayi sinafike, udindo wonse uli ndi mwini njinga.

Batire likafa ndithu, musalitaye kudzala, m'chimbudzi kapena pamoto, ndipo ana asaliseweretse. Lingakhale likuoneka lakufa, m'kati mumatsala mphamvu yokwanira kuyatsa moto, ndipo la mtovu lili ndi poizoni wowononga ubongo wa ana akalowa m'dothi ndi m'madzi. Matani tepi pa timano take, lisungeni pouma kunja kwa nyumba yogona, ndipo mukalibweze kwa ogulitsa njinga kapena kwa amene amasonkhanitsa mabatire akutha.